Pogula Ng'ombe Funsani za Mkaka: Kusankha Masheya Pamene Mitengo Iri Kugwa

Wolemba MTOLANKHANI WATHU

Msika wa masheya wa dziko lino, umene dzina lake ndi Malawi Stock Exchange, uli mu msewu wa Victoria Avenue mumzinda wa Blantyre, ulendo wa ngati ola limodzi pa galimoto kuchokera pa boma la Chiradzulu. Unayamba malonda mu November 1996 uli ndi kampani imodzi yokha, ya NICO, ndipo pofika kumapeto kwa 2024 unali ndi makampani 16. Kwa zaka zambiri anthu olandira malipiro a pamwezi ankauyesa bwalo la anthu achuma okhaokha. Koma mitengo itakwera ndi magawo pafupifupi 79 pa 100 m'chaka cha 2023, ndi magawo 55 m'chaka cha 2024, nikweranso koposa apo m'chaka cha 2025, mbiri yake inafika m'zipinda za aphunzitsi ndi m'maofesi a Boma, kotero kuti anthu amene kale ankangodziwa banki ndi SACCO anayamba kufunsa njira yogulira masheya.

Tsono pofika m'chaka cha 2025 ogula atsopano otere anali asanaonepo msika uli kugwa. Komatu palibe msika wokwera masiku onse. Msika wathu womwewu unatsika m'chaka cha 2015, nutsikanso mu 2016, ndipo amene anataya mtima nagulitsa pa nthawi imeneyo sanalawe kukwera kwa chaka cha 2017, pamene mitengo inakwera ndi magawo oposa 60 pa 100. Chifukwa chake nkoyenera kuti owerenga athu, makamaka aphunzitsi ndi antchito a Boma a ku Chiradzulu ndi maboma oyandikana nawo, aganiziretu funso ili: mitengo ikayamba kugwa, masheya oyenera kugula kapena kusunga ndi ati? Yankho lake nlakuti munthu ayese kampani poyamba, mtengo pambuyo. Pakuti mtengo wotsika pa wokha suuza munthu ngati wapeza mwayi kapena msampha.

Sheya ndi gawo la ng'ombe

Anthu a ku Chiradzulu, kumene alimi ambiri amaweta ng'ombe za mkaka naperekera mkaka wawo ku magulu a Shire Highlands Milk Producers Association, sadzavutika kumva chimene sheya iri. Tiyerekeze kuti anthu 100 asonkha ndalama nagula ng'ombe imodzi. Aliyense ali ndi gawo lake pa ng'ombeyo, ndipo mkaka ukagulitsidwa, atachotsapo za madeya, mankhwala ndi wosamala khola, zotsalazo agawana. Gawolo ndiye sheya. Ndalama zogawanazo ndizo amazitcha dividendi. Munthu atafuna kutuluka m'gululo agulitsa gawo lake kwa wina, pa mtengo umene awiriwo agwirizana tsiku limenelo.

Taonani tsono kuti pali zinthu ziwiri zosiyana: mkaka umene ng'ombe itulutsa, ndi mtengo umene anthu atchula pa gawo la ng'ombeyo. Mtengo ukhoza kutsika chifukwa eni magawo ambiri afuna ndalama za fizi mwezi womwewo, kapena chifukwa mphekesera yawaopsa, pamene ng'ombe iri kudya bwino ndi kutulutsa mkaka monga mwa masiku onse. Mtengo ukhozanso kutsika chifukwa ng'ombeyo yadwala, ndipo ena adziwa kale. Pa kugwa koyamba wogula apindula. Pa kugwa kwachiwiri wogula agula chikopa. Ntchito yonse ya munthu wosankha masheya pa msika wakugwa ndiyo kusiyanitsa kugwa kuwiriku.

Phunziro la nandolo

Boma la Chiradzulu linaona kale msika wakugwa, ngakhale sunali wa masheya. Nandolo wambiri wa m'chigawo cha kummwera amagulitsidwa ku India. M'zaka za 2015 ndi 2016 mtengo wake unali wokoma, ndipo alimi anawonjezera minda. Koma mu August 2017 Boma la India, litaona kuti alimi ake akolola zochuluka, linaika malire pa nandolo wolowa m'dzikomo, ndipo mtengo kuno unagwa kufikira pansi pa K100 pa kilogalamu m'misika ina. Nandoloyo analibe chilema. Chimene chinasintha ndi wogula. Pambuyo pake, mu 2021, maiko awiriwa anapangana kuti India azilandira matani 50,000 a nandolo wa ku Malawi chaka ndi chaka kwa zaka zisanu.

Maphunziro ake ndi awiri. Loyamba nlakuti chinthu chabwino chikhoza kugwa mtengo pa zifukwa zochokera kutali, ndipo amene amavutika koposa ndi iye wokakamizidwa kugulitsa nthawi yomweyo chifukwa alibe pena pogwira. Lachiwiri nlakuti malonda odalira wogula mmodzi ali pa ngozi nthawi zonse. Maphunziro onse awiri agwira ntchito pa masheya monga momwe anagwirira pa nandolo.

Si zonse zogwa zimadzuka

Pali chiphunzitso chofala chakuti mtengo ukagwa udzakweranso basi, ndipo munthu angofunika kudikira. Mbiri ya misika ya kunja itichenjeza kuti tisachimeze chonse. Ku New York mitengo inayamba kugwa mu October 1929, ndipo pofika July 1932 inali itataya magawo pafupifupi 89 pa 100. Sinabwerere pamene inali kufikira chaka cha 1954, patapita zaka 25. Pakati pa October 2007 ndi March 2009 msika womwewo unataya koposa theka, kenaka unadzuka. Koma banki ya Lehman Brothers, imene inagwa mu September 2008, sinadzuke nawo, ndipo eni masheya ake anatsala manja ali m'khosi.

Pafupi ndi kwathu, ku South Africa kumene abale athu ambiri ali pa ntchito, kampani yaikulu ya Steinhoff inaulula mu December 2017 kuti mabuku ake a chuma anali ndi zolakwika. M'masiku owerengeka mtengo wa masheya ake unataya mbali yaikulu, ndipo ena anathamangira kugula poganiza kuti atola nkhwangwa ndi mpini womwe. Mtengowo unapitirira kugwa, ndipo mu 2023 kampaniyo inachotsedwa pa msika. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Msika wonse pamodzi kawirikawiri umadzuka, ngakhale mochedwa. Kampani imodzi payokha ikhoza kufa.

Mafunso asanu oyesera kampani

Kampani iriyonse ya pa msika wa ku Blantyre imalamulidwa kufalitsa zotsatira za chuma chake, za theka la chaka ndi za chaka chonse, ndipo zimatuluka m'nyuzipepala. Munthu amene amatha kuwerengera malikisi a ana 80, kapena kulemba buku la ndalama za ofesi, akhoza kuwerenganso zimenezi. Mafunso oyenera kufunsa ndi awa.

Funso loyamba: kodi kampaniyi yakhala ikupeza phindu ndi kugawa dividendi zaka zisanu kapena khumi zapitazo, m'zaka za njala ndi za mwanaalirenji zomwe? Phindu la chaka chimodzi si umboni. Ndiponso phindulo liyesedwe ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu. M'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu m'dziko muno inakwera ndi magawo oposa 30 pa 100. Kampani imene phindu lake linakula ndi magawo 10 okha chaka chimenecho inali kubwerera m'mbuyo, ngakhale manambala ake anaoneka okula.

Funso lachiwiri: kodi iri ndi ngongole zotani, ndipo ziri mu ndalama yanji? Kwacha inatsitsidwa mphamvu mu May 2012, mu May 2022 ndi magawo 25 pa 100, ndiponso mu November 2023 ndi magawo 44 pa 100. Kampani imene imalandira makwacha koma iyenera kulipira madola imaona ngongole yake itatupa usiku umodzi. Kampani ya Airtel Malawi, imene inali ndi makasitomala ochuluka ndi malonda okula, inatseka chaka cha 2023 ndi kuluza chifukwa cha ichi. Kampani imene imagulitsa katundu wina kunja, kapena iri ndi nthambi m'maiko ena monga FMB Capital Holdings, imamva kugwa kwa kwacha mwa njira ina.

Funso lachitatu: kodi imagulitsa chinthu chimene anthu sangaleke kugula ndalama zikachepa? Banja la ku Namitambo kapena ku Mbulumbuzi likhoza kuleka ulendo ndi zovala zatsopano, koma shuga, mayunitsi a lamya ndi kutumiza ndalama silingazileke msanga. Mahotela amadalira alendo ndi misonkhano, ndipo chaka cha 2020, pa mliri wa Covid-19, chinaonetsa mmene malonda otere amaumira mofulumira. Komabe chinthu chofunika sichitchinjiriza ku zonse: minda ya nzimbe ya Illovo ku Nchalo iri m'chigwa cha Shire chimene madzi osefukira amachivuta, ndipo wogula masheya ake agula ngozi ya nyengo pamodzi ndi shuga. Apa pabwereranso phunziro la nandolo lonena za wogula mmodzi. Mbali yaikulu ya phindu la mabanki athu m'zaka za 2023 ndi 2024 inachokera ku chiwongoladzanja chokwera, ndi ku ndalama zobwereketsa Boma. Reserve Bank inaika chiwongoladzanja chake pa magawo 26 pa 100 mu February 2024. Wogula masheya a banki adzifunse mmene phindu lidzakhalire chiwongoladzanja chikakhala chotsika.

Funso lachinayi: kodi eni ake aakulu ndani, ndipo ali ndi mphamvu yoithandiza pa tsiku la tsoka? Makampani ambiri a pa msika wathu ali ndi mwini wamkulu mmodzi. Press Corporation iri ndi gawo lalikulu mu National Bank. NICO Holdings iri ndi gawo lalikulu mu NBS Bank. Boma liri ndi gawo lalikulu mu Sunbird. Illovo, Standard Bank ndi Airtel ziri pansi pa makampani aakulu a kunja. Nkhani ya NBS Bank ionetsa kufunika kwa ichi. Bankiyi inaluza ndalama zambiri mu 2016 chifukwa cha ngongole zosabwezedwa, ndipo mtengo wa sheya yake unali pansi pa K10. Mu 2017 eni ake anathiramo mpamba watsopano, utsogoleri unakonzedwa, ndipo m'zaka zotsatira bankiyo inabwerera ku phindu, mtengo wa sheya nuchulukitsidwa kambirimbiri. Chimene chinasiyanitsa nkhaniyi ndi ya Steinhoff nchakuti matenda anali odziwika, mabuku anaonetsa bala poyera, ndipo mankhwala anapezeka. Wogula wanzeru sanagule chifukwa mtengo unali wochepa. Anagula ataona kuti mpamba walowadi.

Funso lachisanu, lomwe liri lomaliza mwadala, ndilo la mtengo. Tiyerekeze sheya ya K100 ya kampani imene imapeza phindu la K20 pa sheya iriyonse pachaka: mtengowo ndi phindu la zaka zisanu. Ina ya K10, ya kampani yopeza 25 tambala pa sheya, ndi phindu la zaka 40. Yotsika mtengo ndi ya K100 ija, ngakhale pa maso ioneka yodula. Momwemonso sheya imene inakwera kuchoka pa K100 kufika pa K600, kenaka nigwa kufika pa K400, yatsika ndithu, koma ikhoza kukhala yodulabe ngati phindu la kampani silinakule mofanana. Benjamin Graham, mphunzitsi wa ku Columbia University amene anaphunzitsa Warren Buffett, analangiza m'buku lake la 1949 kuti munthu agule pokhapokha mtengo uli pansi ndithu pa chimene iye wawerengera kuti ndiwo mtengo woyenera, kuti ngakhale atalakwa pang'ono powerengera asapweteke. Wogula ayerekezenso ndi chiwongoladzanja chimene angalandire pobwereketsa Boma kudzera mu ma Treasury bill, pakuti ndalama ziri ndi makhola ambiri, ndipo masheya ndi limodzi chabe mwa iwo.

Ndalama zogulira zichokere kuti

Munthu akhoza kusankha kampani yabwino koma nkutayabe chuma ngati wagula ndi ndalama zolakwika. Mphunzitsi amene atenga ngongole ku banki, ku SACCO, ku banki m'khonde, kapena choipitsitsa kwa akatapila, kuti agule masheya, wadziika pa mpanipani: ngongole imadulidwa pa malipiro mwezi ndi mwezi, pamene sheya ikhoza kugona pansi zaka ziwiri kapena zitatu. Tsiku limene adzalephera kupirira adzagulitsa pa mtengo woipa, monga mlimi wa nandolo uja.

Ndalama za fizi, za feteleza ndi za matenda siziyenera kupita ku msika wa masheya. Anthu a ku Chiradzulu sangaiwale March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri nakokolola mudzi wa Ntauchira; tsoka lotere likagwa, banja lifuna ndalama zogwirika tsiku lomwelo. Ndipo msika wathu ndi waung'ono. Popeza masheya ochuluka ali m'manja mwa eni aakulu ndi mabungwe a penshoni amene sagulitsa kawirikawiri, pali masiku amene sheya ya kampani ina siigulidwa konse. Pa nthawi ya mantha ogulitsa amachuluka, ogula nasowa, ndipo munthu akhoza kudikira masabata asanapeze womugula. Chifukwa chake ku masheya kupite ndalama zokhazo zimene mwini wake angathe kuziiwala zaka zisanu.

Koma nkoyeneranso kunena kuti kusunga ndalama m'nyumba si chitetezo. Pepala la K2,000, limene liri ndi nkhope ya M'busa John Chilembwe wa ku Mbombwe m'boma lomweli, linatuluka mu 2016. Aliyense adziwa chimene linkagula pa nthawiyo ndi chimene ligula tsopano. Ndalama yogona pansi pa mphasa imadyedwa ndi chiswe chosaoneka. Antchito ambiri ali kale ndi gawo pa msika wa masheya osadziwa, pakuti ndalama za penshoni zimene zimadulidwa pa malipiro awo zimaikidwa, mwa zina, m'makampani omwewa. Msikawu suli wa alendo. Chuma cha ukalamba wa antchito chiri momwemo.

Kagulidwe koyenera

Palibe munthu, ngakhale katswiri wa ku London, amene adziwa tsiku limene mtengo udzafika pansi penipeni. Wodikira tsikulo kawirikawiri amalizindikira litapita. Njira yabwino kwa munthu wa malipiro a pamwezi ndiyo kupatula ndalama yofanana mwezi uliwonse, kapena miyezi itatu iriyonse, nagula nayo. Tiyerekeze K30,000: sheya ikakhala pa K100 apeza masheya 300, ikagwa kufika pa K60 apeza 500. Motero kugwa kwa mtengo kumamuchulukitsira masheya, malinga ngati kampaniyo yakhoza mafunso asanu aja. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Asaikenso zonse m'khola limodzi. Masheya a mabanki atatu si magawo atatu osiyana kwenikweni, pakuti mphepo yowomba banki imodzi imawombanso zinzake. Ndi bwino kusakaniza banki, kampani ya lamya, ya shuga, ya nyumba monga MPICO kapena ICON Properties, monga mlimi amasakaniza chimanga, nandolo ndi mbatata m'munda. Amene ndalama zake nzochepa akhoza kuyang'ana kampani ya National Investment Trust, imene ntchito yake ndi kusunga masheya a makampani ena angapo. Koma iyonso iyesedwe ndi mafunso omwewo.

Masheya amagulidwa kudzera mwa amkhalapakati okhala ndi chilolezo cha Reserve Bank, monga Stockbrokers Malawi Limited, Continental Capital ndi Cedar Capital, onse a ku Blantyre. Iwo amatsegulira munthu akaunti ataona chiphaso chake cha unzika, amadula kangachepe pa malonda aliwonse, ndipo Boma limatenga msonkho wake; wogula afunsiretu za zodulidwa zonsezi, chifukwa kugula ndi kugulitsa pafupipafupi kumadyetsa phindu kwa ena. Munthu wobwera pa sukulu kapena wolemba uthenga pa WhatsApp nalonjeza kuchulukitsa ndalama kawiri pa mwezi umodzi sali wogulitsa masheya, ndipo ayenera kufunsidwa chilolezo chake asanalandire ngakhale tambala imodzi. Safunsa anadya phula.

Mwini sheya, ngakhale wa masheya 100 okha, ali ndi ufulu wolandira lipoti la chaka ndi kupita ku msonkhano waukulu wa kampani kukafunsa mafunso. Kwa anthu a ku Nguludi, Njuli, Namadzi kapena Thumbwe, misonkhano yochitikira ku Blantyre siiri kutali. Tikulangiza owerenga athu kuti tsiku limene adzamva kuti mitengo iri kugwa, asayambe ndi kufunsa anzawo ngati agulitsa. Ayambe ndi kutenga lipoti la kampani yawo, aone phindu, ngongole ndi dividendi. Ngati izi ziri bwino, asunge, ndipo ngati ali ndi ndalama zopatula awonjezere. Ngati phindu lauma, ngongole zatupa, ndipo atsogoleri sanena zomveka, agulitse ngakhale pa mtengo wowawa, pakuti ng'ombe yoleka mkaka siichira chifukwa mwini wake anaigula modula.